Kiyi Wachiwiri wa Doña Eduviges

Radhamés anachoka pa golosale ya Nicanor usiku utapita kale, a njinga zamoto onse atakagona, ndipo anachoka wapansi. Galimoto anaisiya pomwepo pansi pa mtengo wa mango, itangoti duu. Choipa n'chakuti sinali yake. Inali ya Doña Eduviges, amake a Yuderka, mtsikana amene Radhamés ankamufuna ukwati.

Mayi amenewo sankabwereketsa ngakhale supuni. Koma masana a tsikulo anamuitana pakhonde n'kumuika kiyi m'manja. "Ukatule nthochi izi kwa mng'ono wanga ku Moca. M'mawa galimoto ndiipeze pano, ndipitire ku Misa yoyamba. Nkhani yako ya Yuderka ndidzayankha mawa lomwelo." Ngakhale mwana akanadziwa kuti amenewa anali mayeso.

Nthochi anakatula bwinobwino. Pobwerera ndi pamene anaima pagolosale, ati kungopereka moni. Moni uja anabala botolo, botolo linabala mpando, ndipo posakhalitsa munthu anali pakati pa masewera a domino. Tsono kwathu kuno domino sapambana mwakachetechete. Domino womaliza umamumenya patebulo mpaka mabotolo avine, kuti ndi ogona omwe adziwe kuti mwamuna wapambana. Radhamés, poopa kutaya kiyi wa eni, anali atamufumbata kudzanja lamanzere usiku wonse. Nthawi yake itakwana anaimirira, nakuwa, n'kumenya tebulo ndi mphamvu zake zonse.

Phwaa! Anamenya ndi dzanja lolakwika.

Rimoti ya kiyi uja inang'ambika pakati, timabatani tinauluka, kabatire kanagubuduka mpaka pansi pa matumba a mpunga.

"Compadre, achimwene anga, masewera mwapambana," anatero Nicanor akupukuta misozi ya kuseka. "Koma ukwati mwaluza."

Pamenepo aliyense anasanduka makaniko. Anatola zidutswa, nazimanga ndi selotepi. Wilfrido wometa anthu anati kabatire akatikite pathalauza katenthe. Wina anati ayi, kalumidwe pang'ono ndi mano.

"Ikani rimotiyo pansi pa chibwano mukamadina," anatero Wilfrido. "Chimutu chanucho chigwireko ntchito lero."

Anayesa zonsezo. Anachotsa ndi kabatire ka pa sikelo ya m'golosale. Galimoto osayankha. Atatsegula chitseko ndi chitsulo cha kiyi, alamu inalira mpaka agalu a m'dera lonse anailandira nyimboyo, kenako inatopa yokha. Injini inkangoti tche-tche-tche, osalira.

"Mumakhala kanthu kakang'ono ngati njere ya mpunga mkatimo," anatero Nicanor. "Ndi kamene galimoto imazindikirira kiyi wake. Kathawa kameneko. Pitani mukadzutse Cándido wodula makiyi, mwina akumverani chisoni. Foni sayankha usiku."

Cándido ankakhala pamwamba pa chitunda, kufupi ndi kwa Radhamés. Njira yake inali imodzi yokha, yodutsa kumanda.

Magetsi anali atathima monga mwa masiku onse. Radhamés anayamba ulendo akudzitukwana, ndipo ukali unamuperekeza mpaka pamlatho. Kupitirira pamenepo unamusiya yekha. Nyumba zinatha. Nyimbo za kugolosale zinazilala. Kutsogolo kunayamba kuoneka khoma loyera la manda, lalitali, mitanda itasuzumira pamwamba pake.

Anayesa kuimba mluzu. Milomo inauma. Anafulumiza. Achule anangoti zii, onse nthawi imodzi.

"Mnyamata."

Mtima unadumpha! Pakhomapo panakhala nkhalamba itavala suti yakuda ndi tayi, tsitsi litapesedwa mosamala ngati ikupita kukajambulitsa. Miyendo inkalendewera. Kumapazi kunali masokosi okhaokha.

"Giya yachitatu umailowetsa ngati ukupotokola khosi la nkhuku," inatero nkhalambayo.

"Pe... pepani, Don. Kodi tikudziwana?"

"Pamlatho paja wagunda dzenje. Ndalimva mumsana mwangamu."

Radhamés sanadikire zina. Anayenda. Sanathamange, poopa kuonetsa kuti akuthawa, koma miyendo inkachita zake. Anamva fungo la makandulo ozima ndi maluwa ofota. Anayang'ana kumbali... nkhalamba ija ili pomwepo! Phewa ndi phewa. Nsapato zake zinkamveka pamiyala. Za mnzakeyo, ayi ndithu.

"Mpando waubweza m'mbuyo," inatero nkhalambayo.

Radhamés anawonjezera liwiro.

"Wailesi wasintha."

Radhamés anayang'ana kumbali ina.

"Ndipo wadyeramo nyama ya nkhumba yokazinga. Chiwongolero chonse mafuta."

"Ndipukuta, Don! Ndikulumbira, ndipukuta!"

"Ima. Onetsa."

Anaima. Anatulutsa kachinthu komangidwa ndi selotepi kaja. Nkhalamba inawerama, niyang'ana nthawi yaitali, kenako inausa moyo. Mpweya wake unali wozizira ngati wa mufiriji.

"Domino?"

"Eya, Don."

"Unapambana?"

"Ndi... ndinapambana."

Kutali galu analira.

"Bola," inatero nkhalambayo.

Inapisa dzanja m'thumba la m'kati mwa jekete n'kutulutsa kiyi wina, womangiriridwa kamendulo ka Amayi Maria ndi ulusi wofiira. Inaloza kumunsi kwa chitunda, kumdima uko, n'kudina. Kutali, kutali zedi, pansi pa mtengo wa mango, nyali ziwiri zinaphethira. Tswii-tswii!

"Imandimverabe," inatero monyadira, niika kiyiyo m'dzanja la Radhamés. Anali wozizira moti ankaluma. "Eduviges sadikira munthu. Thamanga."

Radhamés anayang'ana kiyi. Anadzutsa mutu kuti athokoze.

Panalibe munthu... Khoma lokha. Geti la manda lili chitsekere, unyolo wake wadzimbiri.

Mayo! Mmene anatsikira chitunda chija, iye mwini sadziwa. Ali m'njira ankadziuza kuti ameneyo ndi makaniko wina wopenga, mwina mlonda wa kumanda amene amasunga makiyi a anthu. Maganizo ena ankamunong'oneza kuti ataye kiyiyo mumtsinje. Koma mzukwa umaopsa usiku wokha, pamene Doña Eduviges amaopsa usana ndi usiku. Anagwira kiyi zolimba. Atangomupotoza, injini inalira kamodzi n'kamodzi, mokoma ngati yatsopano.

Sanagone. Anatsuka galimoto, napukuta chiwongolero, nabweza mpando ndi wailesi pamalo pake. Dzenje la pamlatho analizungulira mwaulemu, ndipo giya yachitatu anailowetsa ngati akugoneka khanda. Tambala akulira, galimoto inali itaima pakhomo pa Doña Eduviges.

Doña Eduviges anatuluka atavala zakutchalitchi, korona wopempherera ali kumanja. Yuderka ankasuzumira pazenera, chala chili pakamwa. Mayiwo anazungulira galimoto, nayang'ana matayala, nanunkhiza m'kati. Sanapeze chonena, ndipo zinaoneka kuti zawakhumudwitsa. Anatambasula dzanja.

Radhamés anapereka kiyi.

Mayi aja anamuyang'anitsitsa kiyiyo. Anatembenuza kamendulo kaja, nakhala pansi pa sitepe ya khonde osayang'ana n'komwe ngati pali fumbi.

"Wamutenga kuti kiyi ameneyu?"

Bodza linali litakonzeka kale pakamwa, koma linakana kutuluka. Radhamés anaulula zonse: moni, botolo, domino, dzanja lolakwika, khoma la manda. Ankayankhula akudziwa kuti chiganizo chilichonse chikumutalikitsa ndi Yuderka, ndipo mtima unamuwawa kwambiri.

"Anavala nsapato?" anafunsa mayiwo.

"Masokosi okha, Doña."

"Ndi yemweyo. Nsapato tinapatsa mlamu wake, zinali zatsopano." Anadzilemba chizindikiro cha mtanda. "Ameneyo ndi Fulgencio, bambo ake a Yuderka. Anamwalira mwanayu asanamalize n'komwe sukulu. Kiyi uyu ndinamuika ndekha m'thumba la jekete asanatseke bokosi, chifukwa anachita kundiuza kuti ndikapanda kutero adzabwera kudzamutenga."

Radhamés anamva dziko likuzungulira. Anagwira chitseko cha galimoto, kenako anachisiya msanga, poopa kusiyapo zala.

Doña Eduviges anayang'anitsitsa mnyamatayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akufuna chimene malemuyo anaonapo.

"Ine ndinakhala naye moyo wanga wonse, ndinamuphikira, ndinamudwazika. Kiyi wake sanandigwiritseko ngakhale tsiku limodzi. Lero wakupatsa iwe, chidakwa cha domino!" Anapukusa mutu. "Ndiye ine ndingakane bwanji? Mwini mwana wavomera. Yuderka mutenge."

Pazenera panamveka kukuwa kwa chimwemwe. Radhamés anagwada pomwepo, misozi ili mbwee, napsompsona dzanja la mayiwo. "Mulungu akudalitseni, Doña! Sindidzakhudzanso domino!"

"Usandinamize pa Sabata. Dzuka, utipititse ku Misa. Tikaweruka ukadulitse kiyi wina kwa Cándido m'malo mwa amene waphwanya uja."

"Nanga uyu, Doña?"

"Uyu ngobwereka. Pakhomo pano chinthu cha eni sichigona kawiri." Anamubwezera kiyi wozizira uja m'manja n'kumupinda zala. "Ukawabwezere apongozi ako, ndipo ukathokoze mwaulemu. Upite usiku. Masana sapezeka."