Filimu ya Adada pa Chipata cha Ndege

Anzanga, nkhope ya adada ndaiona! Ndaiona dzulo, ndi maso angawa, pa chithunzi. Mphuno ndi yangayi ndithu, ngakhale mpata wa mano. Nelly, tasendera ndikhale, ndathamanga kuchokera pa mlatho. Ndikuuzeni mmene achemwali anga a Dinah anachipezera, koma wina asaseke.

Adada, a Horace Msiska, anapita ku Joni ine ndili m'mimba, a Dinah ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ntchito yawo inali yojambula anthu pa maukwati ndi m'misewu. Koma wojambula anzake ndani amamujambula? Kuno ku Nchenachena kunalibe chithunzi chawo ndi chimodzi chomwe. Chaukwati chinadyedwa ndi chiswe kalekale. Anamwalira chaka chatha, naikidwa konko.

Mwezi wathawu a Dinah anapita kukatenga katundu wawo. Anapeza chikwama chimodzi chachikopa. Munali kamera yakale yachitsulo, magalasi ake awiri, ndi miyendo yoimikira. M'kameramo munali filimu yosatsuka. Kanambala ka pamwamba kanaima pa 35, kutanthauza kuti kunatsala kujambula kamodzi. Mtima wa a Dinah unagwira chinthu chimodzi basi: mwina pa zithunzi zonsezo, chimodzi chili ndi nkhope ya adada.

Asananyamuke kuno, amalume a Hezron anali atawalangiza.

"Katundu wa womwalira sayenda mwakachetechete, Dinah. Pa chipata chilichonse, pa mtsinje uliwonse, uziwauza kuti: Adada, tikudutsa."

Potuluka m'nyumba ya ku Joni anawauza. Pokwera takisi anawauza.

Anafika pa bwalo la ndege madzulo, kunja mvula ikuwaza. Ndege inachedwa. Mdima unagwa, anthu anachepa, masitolo anayamba kutseka. Kenako anaima pa mzere wa chipata chosecha. Pamenepo aliyense amavula nsapato ndi lamba, amaika foni m'thireyi, chikwama n'kulowa m'makina ounikira katundu, kudzera pa timakatani takuda.

A Dinah anayang'ana alonda a mayunifolomu. Anayang'ana azungu awiri amene anali kutsogolo. Anachita manyazi. Namwino wathunthu wa pa chipatala cha ku Khondowe, kulankhula ndi chikwama pagulu? Anatseka pakamwa. Anaika chikwama m'thireyi osanena kanthu.

Thireyi inayamba kuyenda.

Pamenepo anamva kuzizira m'khosi, ngati wina watsegula chitseko kumbuyo. Kunabwera fungo la jekete yonyowa ndi fodya wopichira. Ndiye mawu, otsika, pafupi ndi khutu.

"Mwana wane. Kamera iyo yayi."

Chitumbuka, anzanga! Ku Joni, pa bwalo la ndege!

A Dinah anatembenuka. Panaima bambo wachikulire, wa ndevu za imvi, wovala jekete yotuwa yodontha madzi. Analibe chikwama. Analibe tikiti m'manja. Analibenso nsapato, koma a Dinah anaganiza kuti wavula ngati anzake. Chokhacho, mapazi ake anali ndi dothi lofiira mpaka m'zala.

"Kuwala kwa m'makinamo kumapsereza filimu," anatero bamboyo. "Uwauze aione ndi manja."

"Ndinu a kwathu?"

"Fulumira."

Chikwama chinali chitakhudza kale timakatani tija. A Dinah anadumpha, nachigwira pa chingwe, nachikoka. Mlonda wamkazi anakalipa kuti abwerere. Anthu onse anacheuka. A Dinah anapempha kuti: "Pepani mayi, muli filimu. Ndi ya bambo anga, anamwalira. Muione ndi manja, chonde."

Mlondayo anatenga chikwamacho. Kenako anavala magolovesi. Anatulutsa kamera, naipukuta ndi kapepala, kapepalako nakalowetsa m'kamakina kena. Anasuzumira m'magalasi onse awiri moyang'anitsa ku nyali. Anagwedeza miyendo ija, kumvetsera ngati mwabisidwa kanthu. Anabwereranso pa kamera, naitembenuza uku ndi uku, diso la kamerayo litaloza kwa a Dinah.

"Imajambulabe nkhalamba imeneyi?" anafunsa.

Nthawi yomweyo dzanja linatsamira pa phewa lamanzere la a Dinah. Lolemera. Lozizira ngati mwala wa mumtsinje.

Tcha!

Chala cha mlonda chinali chitaterereka. Kanambala kanafika pa 36.

"Pepa," anatero mlondayo, nabweza kamera. "Dutsa."

A Dinah anapuma. "Yewo chomene, adada," anatero, mmene timathokozera bambo aliyense wachikulire. Anatembenuka kuti amugwire chanza.

Panalibe munthu. Mzere unali pululu. Patali panali mayi wina akuvula mwana nsapato.

"Ukulankhula ndi ndani?" anafunsa mlonda uja.

"Bambo aja anali pambuyo panga."

"Chifikireni uli wekha pamenepo, iwe."

Pansi, pa matailosi owala, panali timadzi tiwiri toyandikana.

M'ndege mpando wa pambali pawo unali wopanda munthu. A Dinah sanauyang'ane ulendo wonse. Anakumbatira chikwama pachifuwa. Potsika ku Lilongwe anawauza mokweza, anthu akumva. M'basi anawauza pa Bua, pa Dwangwa, pa Rukuru. Manyazi anali atathera ku Joni.

Filimu anaisiya ku Mzuzu, kwa mdala wina amene amatsukabe zoterezi. Dzulo ndiye a Dinah anabwera ndi envulopu ya zithunzizo. Tinakhala pamphasa, ine, amama ndi a Dinah. Amama ankatembenuza chimodzichimodzi. Ukwati wa anthu osawadziwa. Ana a eni ake atavala mayunifolomu. Kwaya. Galimoto. Zithunzi 35, adada mulibe. Ine misozi inali itayamba kale.

Chomaliza chinali chopendekeka. A Dinah, kukamwa yasa, maso tong'o. Pa phewa pawo pali dzanja. Kumbuyo kwawo bambo wa ndevu za imvi, akumwetulira pang'ono, mpata wa mano ukuoneka.

Amama anachiyang'ana. Sanalire. Anangoti, "Horace, mwakalamba." Anachivundikira pamphasa, natuluka. Mpaka pano sanadye.

Nkhani yafala kale mpaka ku tchalitchi. Ena akunong'ona kuti poti a Dinah sanawauze pa chipata paja, adada anachita kubwera okha kudzaona amene akuwasiya. Ena akuti wodutsa chipata cha ndege sabwereranso m'mbuyo, ndiye ali kuno. Phewa la a Dinah silinafundebe. Amagona atalikulunga ndi bulangeti, ndipo salola kuti wina aime kumbuyo kwawo.

Koma ine sindikuopa, ngakhale pang'ono. Zaka khumi ndi zisanu ndinkangomva dzina! Usiku ndinagona nacho pansi pa pilo.

Amalume a Hezron akuti chithunzicho sichingakhale m'nyumba. Loweruka m'mamawa akachikwirira ku manda a kwathu, pamodzi ndi filimu yake, kuti adada agone kwawo. Ndawagwadira, akana. Ndiye kwatsala mawa lokha. Nelly, Pamela, Mtende, tikaweruka musapite kwina. Mubwere kuseri kwa khola lathu, ndidzachitulutsa m'buku la masamu. Mudzaone adada anga, kuti ine ndikadzayamba kuiwala, inu muzidzandikumbutsa.