Makina Amene Anadya Mutu wa Enelesi

Dyton anaphunzira zamakompyuta ndi thukuta la mlongo wake. Enelesi anauma khungu pa Lizulu akugulitsa mbatata ya kachewere mpaka mnyamatayo anamaliza sukulu. Koma ntchito imene anapeza inali yopukuta fumbi pamakompyuta a kakoleji kena pa Ntcheu Boma. Anzake ankamudutsa pagalimoto iye ali pakabaza, mtima ukumuwawa.

Kolejiyo inatsegula kalasi ya akuluakulu ofuna kukumbutsidwa masamu ndi Chingerezi, ndipo Enelesi naye analembetsa. Aphunzitsi anati ophunzirawo ayese mapulogalamu atatu apakompyuta, asankhe okha imodzi yoti koleji igule. Imodzi inali ya Dyton, yosokererasokerera, yomangoima panjira.

Basi Dyton anawoloka malire kupita kwa sing'anga wina ku Mozambiki, kukafuna mankhwala oti pulogalamu yake ipambane.

"Zotheka, mwana wanga," anatero mkuluyo. "Koma makina alibe nzeru zawozawo. Zimene azigawira anthu ayenera kuzitunga penapake."

"Kutiko, bambo?"

"M'mutu mwa wamagazi ako. Akhale woyamba kuyika chala pamakinawo. Safa ayi. Amangopepuka."

Dyton anatambasula dzanja kulandira kansupa.

Tsiku loyesa anakokera mlongo wake mpando. "Achemwali, khalani apa, muwatsegulire anzanu njira."

Enelesi anaseka mano onse pamtunda. "Amayi inu, voti ndi ya mwana wakwathu! Ameneyu ndinamubereka kumsana, akundikodzera!"

Kalasi yonse inafa ndi phwete, ndipo pulogalamu ya Dyton inapambana. Inayamba kuchita zodabwitsa: madoda amene masamu anawakana kalekale ankangokhoza. Makoleji ena anaithamangira. Dyton anagula galimoto, namanga nyumba yampanda.

Koma Enelesi anayamba kupatsa anthu kachewere n'kuiwala kuwalipiritsa. Kenako nyimbo za kwaya zinamuthawa. Koleji ina ikagula pulogalamu, china chinkachoka m'mutu mwake: njira yakumunda, dzina la malemu mwamuna wake. Dyton ankangotumiza shuga, osapondako phazi.

Mwana wa Enelesi, Yankho, anatopa n'kuwatengera mayi akewo kugeti kwa amalume ake. Enelesi anamuyang'anitsitsa Dyton, nagwada pafumbi.

"Bwana, simunamuoneko mlongo wanga? Ndi mwana wabwino. Akamva kuti ndikudwala, abwera akuthamanga."

Dyton anathamangadi, koma kwa sing'anga, kansupa kali m'manja. "Tengani chinthu chanu, bambo! Mubwezereni nzeru zake!"

"Zodyedwa sizibwerera," mkuluyo anayankha akufwenkha fodya. "Chitsime chimenecho chauma, ndipo makina sagona ndi njala. Ayamba kale kutunga mwa mwini wake."

Lero pa Lizulu pamayenda amisala awiri. Amakumana, kupatsana njira mwaulemu, osadziwana.

Ananu, dyera silidya mlendo, limayambira pa amene anakulerani. Chuma chofuna mutu wa m'bale wanu chisiyeni, bola kupukuta fumbi mpaka imvi.