Mkono Umene Unadikira Chipukuta Misozi

Pakhomo pa a Alick Mwale, mkulu wa mpingo kwa Wimbe, tsiku linkayamba ndi pemphero. Mwana wawo Lonjezo anali mnyamata wolimbikira, moti msana utayamba kuwavuta, bambowo anamusiyira munda wonse wa fodya.

Atangomaliza kuwokera fodyayo, minibasi imene Lonjezo anakwera inagubuduzika pamsewu waukulu wochokera ku Lilongwe. Mulungu anamuteteza, anangothyoka mkono wamanja. Kuchipatala anamuika chikhakha.

M'chipatala momwemo munatulukira mkulu wina wa nsapato zonyezimira, dzina lake Frazer.

"Lonjezo, amwene, pepa," anatero monong'ona. "Ine ndimayenda ndi maloya. A inshuwalansi ayenera kukupatsa chipukuta misozi, ingondilola ndikuyimire. Koma tamvera, mkono wochira msanga salipira bwino. Akachotsa chikhakha, uziukolekabe m'khosi ndi nsalu. Khasu ayi, tsamba la fodya ayi. Anthuwa amatumiza akazitape m'midzi, ena amakhala ngati ogula nkhuku."

A Mwale atamva zimenezi anapukusa mutu. "Munthu ameneyu dzina lako walidziwa bwanji? Kupempha chipukuta misozi si tchimo, unavulaladi. Koma unene zimene zakuchitikira basi, osawonjezera."

Koma Lonjezo anavomera kuti Frazer amuyimire. Mtima unali utapita kale ku njinga yamoto imene ankafuna kudzagula.

Chikhakha chitachotsedwa, adokotala anamulangiza kuti aziupinda ndi kuuwongola mkonowo tsiku lililonse. Iye atangotuluka pageti anaumangirira pachifuwa, ndipo sanaumasulenso, poyenda ngakhale pogona. Kuyambira pamenepo munthu aliyense anasanduka kazitape. Mlangizi wa zaulimi akaima pamsewu, Lonjezo ankathawira m'nyumba n'kumabuula mokweza. Mayi wina wa mvano anatulutsa foni kuti aone nthawi, mnyamatayo anamukalipira ngati wagwira wakuba. Zinali zochititsa manyazi, mwana wa mkulu wa mpingo kumasuzumira alendo pazenera.

Fodya sadikira milandu. Masamba anayamba kupsa, ndipo othyola anali makolo ake, nkhalamba ziwiri zokha.

"Mwana wanga," anatero mayi ake, a Lefina, "kumunda wakana. Nanga kusoka fodya uli chikhalire m'chigafa, akuona ndani?"

"Chigafa chilibe zipupa, amayi! Kodi wakutumani ndani kuti muzindifunsa zimenezi?"

Mayiwo analira. A Mwale anangoti, "Bodza lako tsopano layamba kudya ife," n'kubwerera kumunda atagwira msana. Fodya wambiri anawolera m'mizere.

Kenaka foni ya Frazer inasiya kupezeka. Lonjezo anadikira, anadikira, mpaka anakwera basi kupita yekha ku ofesi ya inshuwalansi ku Lilongwe.

"Nkhani yanu inatha kalekale," anatero mayi wa pa ofesipo. "Amene munamulola kukuyimirani uja analandira zonse."

"Nanga akazitape munkatumiza aja?"

"Akazitape ati? Kwa Wimbe ife sitinatumizeko munthu."

Lonjezo anafika kwawo mutu uli pansi, nagwada pamaso pa makolo ake kupempha chikhululukiro. M'mawa mwake analawirira kumunda kuti akapulumutse masamba otsala kunsonga. Anamasula nsalu ija n'kuitaya. Anati atambasule mkono, mkono unakana. Anayesanso mano ali gwa, koma chigongono chinali chitauma, zala zosatha kufumbata ngakhale tsamba limodzi. Kuchipatala anamuuza mosabisa kuti anachedwa, sudzawongokanso ngati kale.

Achinyamata, mukavulala pemphani zoyenera, ndipo muzinena zoona zokhazokha. Thawani munthu wokuphunzitsani bodza, chifukwa woyamba kunamizidwa ndi iye ndinu. Lonjezo ananamizira kulumala kuti alemere, lero ndi wolumaladi, ndipo palibe amene adzamulipire.