Mayi wa Nthochi Analowa M'sewero

Christabel sanapite pa siteshoni ya Petauke kukafuna mwamuna. Ankadikira minibasi yobwerera kwawo ku Nyampande, ndiye anamva ng'oma kuseri kwa mashopu, n'kupita kukasuzumira.

Linali gulu la masewero loyendayenda. Sewero lake linali la Jerry, mwamuna wosiya mkazi kumudzi n'kumakadya moyo ndi chibwenzi m'tauni. Gululi linali ndi kachitidwe kake. Sewero likafika pokoma, mtsogoleri wawo, amai Mukela, ankawomba m'manja, osewera onse n'kuuma gwa pomwe ali, osagwedezeka mpaka atauzidwa.

"Manje ndani angabwele aonetse zamene mkazi wa Jerry afunika kuchita?" anafunsa amai Mukela.

Christabel mtima unali utawira kale. Anaponya chikwama pansi, kulowa m'bwalo, n'kumulalatira Jerry uja mpaka anthu anagwira nthiti.

Sewero litatha, Jerry anamutsatira. Dzina lake lenileni anali Teddy Ngosa, mnyamata wamtali, wa mawu osalala ngati mafuta.

"Mwanitukwana bwino, asisi," anatero akumwetulira. "Chibadwile sininatukwanidwepo mokoma chonchi."

Tsiku lomwelo amai Mukela anamupempha Christabel kuti alowe gulu, poti mtsikana wosewera chibwenzi cha Jerry anali atasiya. Amalume ake, omwe anamulera, anakana kwamtuwagalu.

"Mtsikana ogona m'masukulu na anyamata a ng'oma, azamukwatila ndani?"

"Sinizakuchititsani manyazi, amalume. Muzaona."

Anapita.

Moyo wake unali wa pamsewu. Kukwera kumbuyo kwa lole pamodzi ndi ng'oma ndi thumba la zovala, kugona pa mphasa m'kalasi, kusamba madzi a m'chidebe kuseri kwa sukulu, mawa lake kukuwa pa msika mpaka mawu kusasa. Njira ya ku Sandwe inawagwedeza mpaka Christabel anasanza. Ali chizyolikire choncho, foni inalira. Inali meseji ya Teddy, yemwe anakhala naye moyang'anizana mu lole momwemo.

"Fumbi yonse iyi, koma iwe ukali kuwala, shuga wanga."

Ku Kalindawalo inabwera ina.

"Mu sewelo nimanama. Kwa iwe chabe ndiye nimakamba zoona, mtima wanga."

Mtsikana wa zaka makumi awiri akanatani? Mwamuna amene ntchito yake ndi kunama pamaso pa anthu mazana, n'kumuwombera m'manja, ndiye ukamukhulupirire ali yekha? Koma chikondi chilibe maso. Christabel anagwa chagada.

"Tikatsiliza ku Nyimba pa Chiwelu, pa Sondo nipita kukaonekela kwa amalume ako," Teddy analonjeza. "Olo imvula igwe ya miyala."

Christabel anaimbira amalume ake. Amalumewo anati auza abale onse. Anthu a ku Nyampande omwe ankamunena anali oti atseke pakamwa!

Loweruka m'mawa, akulowa mu Nyimba, Teddy anayamba kutsokomola.

"Amai Mukela, pakhosi paniwawa. Lelo siningasewele."

"Jerry tili naye mmodzi. Mwa madzi otentha, uvale."

Anavala. Koma tsiku limeneli anadzipaka ndevu za makala n'kukokera chipewa mpaka m'maso. Christabel anaseka, kuyesa nthabwala.

Bwalo linadzaza pafupi ndi msika. Sewero linafika pamene chibwenzi chimaika dzanja pachifuwa cha Jerry, Jerry n'kumalumbira kuti alibe mkazi. Amai Mukela anawomba m'manja. Onse anauma.

"Ndani angabwele akhale mkazi wa Jerry?"

Anadzuka mayi wina wogulitsa nthochi, mwana kumsana. Anatula beseni lake, kumanga chitenje bwinobwino, n'kulowa m'bwalo mosafulumira.

Dzanja la Christabel linali likadali pachifuwa cha Teddy. Anamva mtima wa mnyamatayo ukugunda ngati ufuna kutuluka.

"Atate ake Happiness," anatero mayiyo.

Anthu anaseka. Amai Mukela anagwedeza mutu mokondwa, kuti apeza katswiri wina.

"Miyezi isanu na itatu, atate ake Happiness! Munaniuza ati muli ku migodi ku Solwezi, netiweki ivuta. Kansi migodi yake ni iyi? Mwana anadwala, ninamupeleka ku chipatala nekha. Anayamba kuyenda, simunaone. Mwayesa makala angabise munthu wamene ninagona naye nyumba imodzi zaka zitatu?"

Kuseka kunayamba kuchepa. Kumbuyo mayi wina anakuwa.

"Iyayi, uyo ni Teddy wa Mildred!"

Christabel anamva zonsezi ali chiumire, monga mwa lamulo la sewero, dzanja lili pachifuwa cha mwamuna wa mwini. Manyazi anamutentha kumaso. Kenako manyazi aja anasanduka ukali.

Teddy ananong'ona osatsegula pakamwa.

"Shuga wanga, pitiliza chabe monga ni sewelo. Nizakufotokozela."

Ati chiyani? Apitirize? Amuthandize kunamiza mkazi wake, mwana ali kumsana, dzuwa likuswa mtengo? Munthu ameneyu analibe ngakhale kadontho ka chisoni!

Mildred anatembenukira kwa Christabel.

"Nanga iwe, ndiwe chibwenzi cha mu sewelo, olo cha zoona?"

Christabel anachotsa dzanja lake. Amai Mukela anali asanamulole kugwedezeka, koma zimenezo sanazilabadirenso.

"Cha zoona, amai. Sininadziwe. Mailo pa Sondo anali kufunika kukaonekela kwa amalume anga."

"Christabel, mtima wanga, mvela..."

"Usaniitane choncho! Mtima uli nawo iwe? Ninakana mawu a amalume anga chifukwa cha gulu ino. Ninawauza kuti aitane abale chifukwa cha iwe! Unali kuzakhala pa mpando wawo, kudya chakudya chawo, mwana wako ali kuno ayenda alibe nsapato?"

Anavula mpango wa m'sewero, n'kumupukuta nawo kumaso mwamphamvu mpaka ndevu za makala zija zinatha.

"Muoneni bwino!" anakuwa kwa anthu. "Uyu si Jerry. Jerry ni wabwinoko, amanama ola imodzi chabe!"

Palibe anawomba m'manja. Teddy anayang'ana uku ndi uku, koma bwalo la anthu linali litatsekeka, ndipo azimayi a nthochi anali atayandikira. Zomwe anakambirana naye, Christabel sanazidikire.

Amai Mukela anamuthamangira ku lole, kumene ankasolola chikwama chake pansi pa ng'oma.

"Mwana wanga, na ine sininadziwe. Khala, tizapeza Jerry wina."

"Pezani na chibwenzi china, amai."

Anayenda mpaka pa msewu waukulu, misozi ikutsika, iye osaipukuta. Sikunali kulira kwa chisoni kokha ayi. Ankalira ndi ukali, chifukwa mameseji onse aja ankawadziwa pamtima, ndipo ena anali akumukomabe.

Ali chiimire kudikira basi ya ku Petauke, foni inalira. Anali amalume. Mawu awo anali osangalala, zomwe anali asanazimvepo chichokereni kunyumba.

"Mphwanga, azakhali ako afika kale kuchoka ku Sandwe. Nayenda mudzi onse kuuza aja anali kukunena. Manje alendo afika nthawi bwanji mailo? Tambala tamumanga kale."

Christabel ananyamula chikwama chake. Basi inali ikubwera chapatali.

"Mumasuleni, amalume," anatero. "Nibwela nekha."