Dengu la Nsapato

Mumzinda uja dzuwa silipita kutchuthi. Limatuluka m'nyanja yamchere m'mawa uliwonse n'kuwotcha magombe, mahotela ndi misana ya alendo mpaka madzulo. Alendowo amabwera kudzasambira, kudzakwera akavalo pamchenga, kudzatopa ndi masitepe a nsanja yakale ya nyali imene inkatsogolera sitima, ndi kudzagula zosema zimene akafika kwawo amasowa poziika. Eni mzinda amangowayang'ana ndi maso otopa, poti chimene kwa mlendo ndi tchuthi, kwa iwo ndi ntchito.

Kuseri kwa mahotelawo, m'kanyumba ka zipinda zitatu, munkakhala banja la woyendetsa boti. Linali banja labwino, loti chakudya sichikhudzidwa asanapemphere. Mayi ankachapa matawulo pahotela ina. Mwana anali mmodzi yekha, mtsikana, ndipo aliyense ankamutchula Kaputeni, chifukwa ali wamng'ono ankavala chipewa cha bambo ake n'kumalamula nkhuku kuti zikhale pansi.

Boti la bambo ake linkapita malo amodzi okha, kuchilumba cha mchenga chimene chimaoneka madzi akaphwa. Nyanja ikabwerera m'mbuyo, chilumbacho chimatumphuka pakati pa madzi, choyera mbee, chopanda mtengo kapena mwala, kupatula mzati umodzi wachitsulo wochenjeza maboti. Alendo amatsika, kutola zigoba za nkhono, kujambulitsa. Pakatha maola awiri nyanja imabwera kudzatenga malo ake, ndipo sipempha odi.

Bambo aja anali ndi lamulo lawo. Mlendo aliyense potsika ankavula nsapato n'kuziika m'dengu lalikulu m'botimo. Pobwerera, nsapato zinkatulutsidwa peyala imodziimodzi, n'kuperekedwa m'manja mwa mwini wake. Injini sinkayatsidwa dengu lisanayere.

"Kuwerenga mitu n'kudzinamiza," ankatero. "Mitu imayendayenda, umodzi umauwerenga kawiri. Koma nsapato zikatsala m'dengu, ndiye kuti munthu watsala pamchenga."

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anayenda ulendo umenewo osasiyapo munthu. Kaputeni atafika zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, maso a bambo ake anayamba kuchita chifunga. Njira ya panyanja ankaidziwa ngati njira ya kutchalitchi, koma nkhope za anthu sankaziona bwino. Dengu analipereka kwa mwana wawo.

"Maso anga ndiwe tsopano," anamuuza. "Ndikafunsa kuti dengu lili bwanji, chimene unene ndicho ndikhulupirire."

Chaka choyamba Kaputeni anagwira ntchitoyo monyadira. Chaka chachiwiri inamukwana. Mchenga womwewo, nthabwala za alendo zomwezo, dzuwa lomwelo likumuphika pamutu, iye ali chiweramire kunyamula nsapato zathukuta za anthu osawadziwa n'kumafunsa kuti, "Izi n'za yani?" Ankafika kunyumba ali lefu, osafuna ngakhale kuyankhula.

Padoko panali mnyamata wojambula alendo zithunzi, amene anthu ankamutchula Mwetulirani, poti mawu amene ankatuluka m'kamwa mwake tsiku lonse anali omwewo. Anali wa pakamwa potsekemera, ndipo anamuona Kaputeni kuti watopa.

"Mtsikana wooneka bwino ngati iwe, ntchito yako kununkhiza nsapato?" anatero tsiku lina. "Anthu amawoloka nyanja kudzasangalala kuno. Iwe wobadwira konkuno sunalaweko n'komwe. Tiye ukakhale pamthunzi pang'ono."

Anapita naye pabala ya pagombe, yofolera udzu, pomwe nyimbo sizitha. Anamuitanitsira chakumwa chabuluu chokhala ndi kaambulera kapepala pamwamba.

"Ine sindimwa mowa," anatero Kaputeni.

"Umenewu si mowa. Ndi juwisi amene anapitako kusukulu."

Kaputeni anaseka, ndipo anamwa. Kutopa kuja kunachoka m'mapewa, nyanja inaoneka yokongola ngati mmene alendo amaionera. Mawa lake anabweranso yekha, osaitanidwa.

Mayi ake ndiwo anayamba kuzindikira. Tsiku lina madzulo akupinda zovala anamuitana.

"Tabwera kuno. Tauzira mpweya."

"Ndadya chingamu, amayi."

"Ndamva kuti wadya chingamu. Munthu sadya chingamu chochuluka chonchi popanda chimene akukwirira. Ndiye wojambula uja akukupatsa chiyani?"

"Ndi mnzanga chabe. Kodi ndisamacheze ndi anthu? Ndimagwira ntchito ngati bulu, ndikapuma pang'ono mwayamba."

"Mwana wanga, ine ndimachapa matawulo a anthu osangalalawo, ndimadziwa zimene zimatsala chisangalalo chikatha. Iwo amamwa n'kukagona kuchipinda. Iwe umamwa n'kukanyamula anthu panyanja."

Kaputeni analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Mayi ake anapitiriza kupinda zovala, misozi ili m'maso, chifukwa mphamvu yokangana inali itawathera kuntchito.

Pasanapite nthawi Kaputeni anatulukira njira yachidule. M'malo mopereka nsapato imodziimodzi, ankangokhuthula dengu lonse pansi m'botimo kuti aliyense adzitolere. Anachita kawiri, kachitatu bambo ake anadikira alendo atsike padoko n'kumuitana.

"Ndamva phokoso la nsapato."

"Aliyense amadziwa nsapato zake, bambo. Si ana amenewa."

"Afooka ndi maso, makutu ndikadali nawo. Kodi ukuganiza kuti timapereka nsapato kuti anthu avale? Timapereka kuti tidziwe amene palibe. Ndiponso fungo likumveka pa iweli si la nyanja. Ngati ntchito yakukwana, nena, ndifune munthu wina. Koma usandinamize tili pamadzi."

"Pepani, bambo. Sindidzachitanso."

Anasunga lonjezo sabata imodzi. Kenaka anayamba kuyala tawulo pansi, n'kumakhuthulira nsapato pa tawulopo mwakachetechete kuti bambo ake asamve. Apa ndi pomwe mtsikanayu anagwera, chifukwa ulesi wa poyamba unali kutopa, koma tawulo lija linali bodza lochita kukonza.

Tsiku la tsokalo madzi ankaphwa masana, choncho m'mawa wonse unali wake. Anakhala pabala ndi Mwetulirani kuyambira teni koloko. Pofika padoko miyendo inali yopepuka, mutu ukulemera.

Alendo a tsikulo anali aphunzitsi opuma ntchito makumi awiri ndi awiri ochokera kumtunda, a m'masukulu osiyanasiyana, ambiri ongodziwana m'basi. Pakati pawo panali bambo wina wokalamba, wamfupi, wovutika kumva, amene anali asanaonepo nyanja chibadwire. Akazi awo anakana kukwera.

"Ine madzi osaoneka tsidya ayi," anatero mayiwo. "Pitani, aphunzitsi, mudzandiuza. Ndikudikirani pabenchi pano."

Atafika pachilumba, aphunzitsi aja anavula nsapato zawo zakuda zopolisha bwino, analowetsamo masokosi, n'kupereka kwa Kaputeni ndi manja awiri.

"Undisungire, mwanawe," anatero akumwetulira. Anatsika napita okha chakumapeto kwa mchenga, mathalauza atapinda, akuwerama apa ndi apo.

Mwetulirani anali atakwera nawo kudzajambula, ndipo m'chikwama cha kamera munali kabotolo. "Imwa, mutu uwongoke," ananong'ona. Kaputeni anamwa, nagona pabenchi pansi pa denga la boti. Anadzidzimuka ndi wezulo ya bambo ake. Madzi anali atayamba kunyambita mchenga, anthu akukwera mopanikizana.

Kaputeni anayala tawulo, nakhuthula dengu. Boti linkagwedezeka ndi mafunde, nsapato zikutsetsereka uku ndi uku, alendo akuseka n'kumalandana. Iye anakhala pansi atagwira mutu.

"Dengu lili bwanji?" anafunsa bambo ake.

Kaputeni anayang'ana m'dengu. Munalibedi kanthu.

"Layera, bambo."

Injini inalira. Okhala kutsogolo ankayesa kuti aphunzitsi okalamba aja ali kumbuyo, akumbuyo ankayesa kuti ali kutsogolo, ndipo ambiri sanawaganizire n'komwe. Anayimba nyimbo za kusukulu njira yonse, mphindi makumi anayi.

Padoko mayi aja anali ataimirira kale, akuyang'ana otsika mmodzimmodzi. Wotsiriza atatsika, anayandikira.

"Mwanawe, aphunzitsi anga atsalira kuti?"

"Atsika kale, amayi. Mwina apita kuchimbudzi."

"Sanatsike. Ndaima pano chifikire boti."

Kaputeni anabwerera m'boti. Anagwada n'kusuzumira pansi pa mabenchi. Kunsi kwa benchi yakumbuyo, pakona, kunali nsapato zakuda ziwiri, masokosi ali m'kati. Mowa wonse unamuthera nthawi yomweyo.

Bambo ake sanakalipe. Anazipapasa nsapatozo ndi manja, napapasanso tawulo linali pansi lija, ndipo anamvetsa zonse. Anatembenuza boti, nalithamangitsa kuposa mmene analithamangitsirapo. Kaputeni anaima kutsogolo akupemphera mokweza, akulonjeza Mulungu zinthu zonse zimene anakana kulonjeza mayi ake.

Chilumba kunalibe. Kunali madzi okhaokha, ndi nsonga ya mzati wachitsulo uja. Aphunzitsi anali atadzimangirira pamzatipo ndi lamba wawo kuti mafunde asawakokolole, koma madzi anali atawapitirira kale. Kaputeni ndiye anadumphira m'madzi, namasula lambayo, nawakokera m'boti. Anayesa kuwapsinja pachifuwa mpaka manja anachita dzanzi. Bambo ake anamugwira paphewa n'kumuuza kuti asiye.

Apolisi atayamba kufunsa, Mwetulirani ananena kuti mtsikanayo ankangomudziwa pankhope, ndipo sabata isanathe anali atasamukira gombe lina ndi kamera yake.

Ku ofesi ya padoko, pamaso pa akuluakulu oona za maboti, bambo ake anaimirira chipewa chili m'manja.

"Anayatsa injini ndine," anatero. "Mlandu ndi wanga."

Kaputeni akanatha kukhala chete. Koma atawaona bambo ake, munthu amene sanamunamizepo, akudzisenzetsa bodza lake, anaimirira.

"Anandifunsa, ine ndinanama," anatero. "Ndinali nditamwa. Nsapato ndinakhuthulira pa tawulo kuti asamve."

Chilolezo cha boti chinalandidwa tsiku lomwelo. Boti linakokeredwa pamtunda, ndipo dzuwa lija linayamba kulisenda penti. Khoti linamupatsa Kaputeni zaka ziwiri kundende.

Asanamutenge, anapempha kuti alankhule ndi mayi wamasiye uja. Anawapeza pakhonde la khoti, atakhala pabenchi, chikwama chili pamiyendo. Anagwada patsogolo pawo.

"Amayi, ndikhululukireni."

Mayiwo anamuyang'ana. Sanakwiye, ankangooneka otopa.

"Zaka makumi anayi, m'mawa uliwonse, amuna anga ankaitana mayina a ana m'kalasi, mmodzimmodzi," anatero. "Ana makumi asanu ndi atatu, nthawi zina oposa. Wina akapanda kuyankha, poweruka ankapalasa njinga kupita kwawo kukaona chavuta. Iwe unapatsidwa anthu makumi awiri ndi awiri okha, mwanawe, kwa maola awiri." Anapukuta m'maso. "Kukhululuka ndiyesa, poti Mulungu amatero. Koma usandifunse lero."

Kaputeni anatuluka kundende ali wowonda, wosayankhulayankhula, ndipo mowa sanaukhudzenso. Amachapa matawulo limodzi ndi mayi ake kuchipinda chapansi cha hotela, kumene nyanja siioneka. Bambo ake maso anatheratu. Amakhala pakhonde tsiku lonse, ndipo madzi akayamba kuphwa amadziwa okha nthawi, amatembenuzira nkhope kudoko kenaka n'kuweramanso. Sanamunyozepo mwana wawo ngakhale kamodzi, ndipo zimenezi zimamupweteka Kaputeni kuposa ndende. Madzulo amawatsogolera kutchalitchi atawagwira dzanja, ndipo akawauza kuti apa pali mwala, iwo amakhulupirira n'kukweza phazi.

Alendo akubwerabe mumzinda uja, ndipo maboti ena akupitabe kuchilumba cha mchenga. Koma iwe wachinyamata amene wapatsidwa ntchito yooneka yonyozeka, imva chenjezo ili lisanakuchedwere, poti mawu a akulu amakoma akagonera. Mowa sufika ukunena kuti ndabwera kudzapha. Umafika ngati mnzako wokumvera chisoni kuti watopa, kenaka umakuphunzitsa njira yachidule, kenaka bodza lobisira njirayo. Kutopa si tchimo, ukatopa nena kuti ndatopa. Koma usadzayankhe kuti zonse zili bwino usanaone ndi maso ako, chifukwa amene akukufunsayo wakukhulupirira, ndipo amene adzalipira bodza lakolo mwina ndi munthu amene sanakulakwire kalikonse.