Galasi la pa Chiliza cha a Elia

Kezia anaima kutsogolo kwa ng'anjo atatambasula manja ngati thadzi loteteza anapiye. Mayi ake, a Nambewe, anali poteropo, khasu lili m'manja.

"Choka pakhomopo."

"Amayi, silinazizire. Moto ndazimitsa dzulo madzulo. Tidikire mpaka mawa."

"Mawa? Mmisiri uja, a Festus, ali kumanda, mchenga asefa kale. Akuti masana akwera minibasi ya ku Madisi, kuli ntchito ina. Ukufuna Loweruka abale a bambo ako adzapeze chiliza chosatha?"

Ng'anjoyo inali kuseri kwa chigafa cha fodya, pamudzi wina kufupi ndi Malomo. Anaimanga ndi malemu bambo ake a Kezia, a Elia, ndi njerwa zootcha ndi dothi la pachulu. Sinali yootchera njerwa kapena makala. Inali yosungunulira magalasi. A Elia anaphunzira lusoli ku Lilongwe, komwe anagwirako ntchito zaka zitatu kwa mayi wina wopanga mikanda. Atabwerera kumudzi ankatola mabotolo kuseri kwa magolosale, kuwatsuka, kuwadula ndi kachitsulo kokhala ndi kagudumu kunsonga, n'kuyala zidutswazo m'zikombole zadongo. Akaotcha, zidutswa zija zinkasungunuka n'kugwirana, kutuluka timbale, mikanda ndi mitanda yopachika pakhoma. Tsiku la msika ankazikweza panjinga kukagulitsa.

Chimene chinkawapsetsa mtima a Nambewe sikunali kuotchako ayi. Kunali kudikira. Moto ukazima, a Elia ankamata khomo la ng'anjo ndi matope, kumata ndi kabowo kosuzumirapo komwe, basi n'kukhala pachitsa masiku awiri athunthu. Mbuzi ikayandikira, kuithamangitsa. Mwana akafuna kusuzumira, kumubweza.

"Amuna anzanu ali kudimba, inu mukulondera matope," ankatero a Nambewe. "Ulesiwu mwangoupezera dzina labwino."

A Elia ankangoseka. "Galasi ndi mwana wakhanda, Nambewe. Silituluka chikuta tsiku lomwelo."

Dzinja la chaka chatha a Elia anadwala m'chifuwa, ndipo fodya asanayambe kuthyoledwa anamwalira. Pamwamba pa kabati anasiya chikombole chimodzi chovindikira ndi nsalu. Munali ntchito yawo yomaliza, yoyala kale koma yosaotcha. Inali ya galasi la buluu lokhalokha. Mabotolo obiriwira ndi abulawuni ali paliponse, koma a buluu ngosowa. A Elia anawatolera zaka zitatu m'chitini. Pakati pa magalasiwo anagonekapo waya wa kopa wochokera m'wailesi yakufa, ataupindapinda kukhala chithunzi.

Abale atagwirizana zomanga chiliza, Kezia anapempha kuti aotche galasilo, likamatidwe kumutu kwa manda. A Nambewe anavomera msanga, poti zinawapulumutsa kugula mwala wolembalemba wa m'tauni. Koma nsalu ija sanaivundukule n'kamodzi komwe.

"Zamabotolozo ukudziwa ndiwe," anatero.

Kezia ankadziwadi. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo kuyambira ali Sitandade 4 ankapatsira bambo ake nkhuni pang'anjopo. Lachiwiri analawirira. Zidutswa anazinyamula chimodzichimodzi n'kuzipukuta, poti ngakhale thukuta la chala limasiya chifunga pagalasi. Chikombole anachipakanso dothi loyera kuti galasi lisakakamire, n'kubwezera chilichonse pamalo pake. Moto anauyamba ndi zitsononkho ndi tinkhuni ting'onoting'ono, pang'onopang'ono mpaka dzuwa pamutu. Kenako anaika zikuluzikulu, mpaka m'kati munafiira ngati dzungu lakupsa. Atasuzumira pakabowo n'kuona kuti nsonga zakuthwa zafota ndipo pamwamba pakunyezimira ngati madzi, anasolola zikuni n'kumata paliponse. M'manja munatuluka matuza awiri. Sanauze munthu.

Tsono linali Lachitatu m'mawa, ndipo mayi anali ataima ndi khasu.

"Tagwirani khomalo mumve, amayi. Likutentha."

A Nambewe anagwira, n'kuchotsa dzanja msanga, koma nkhope sinasinthe. "Mbatata timaifukula pamoto ili yotentha. Imasweka?"

"Galasi si mbatata. Kunja kukazizira msanga m'kati mukadali moto, limadzikoka lokha. Ababa ankati..."

"Bambo ako ankanena zambiri ali chikhalire pachitsa. Ine ndili ndi thobwa loti ndiphike, alendo akubwera, mmisiri akuthawa. Choka, ndisachite kukukankha."

Kezia anachoka. Nanga mwana akanatani?

A Nambewe anagumula matope ndi khasu, n'kugwetsa njerwa zotsekera. Mpweya wotentha unawawomba kumaso. Analowetsa khasu m'kati n'kukoka chikombole mpaka chinatera panja padothi. Unali mwezi wa Julaye, ndipo mphepo inkatsika kuphiri yozizira ngati madzi a pachitsime.

Galasi linali litapsa bwino. Linali losalala, lopanda thovu, la buluu ngati thambo la masana mitambo itathawa. A Nambewe anatembenukira kwa Kezia.

"Waona? Mantha achabechabe. Thamanga ukawauze a Festus kuti..."

Thi.

Kaphokoso kake kanali kakang'ono, ngati munthu wathyola singano. Kenako kanamveka kena. Mzere woyera unayenda kuchokera pakona mpaka pakona, wina n'kudzakumana nawo pakati. Galasi linagawika patatu, iwo akuyang'ana.

Kezia sanakuwe. Anapita kukakhala pachitsa cha bambo ake, n'kuika mutu pamaondo.

A Nambewe anawerama kuti aone ngati n'kutheka kungolumikiza ndi simenti. Apa m'pamene analiyang'anitsitsa koyamba. M'kati mwa buluu muja waya anali atada, n'kujambula mzimayi. Dengu pamutu, duku lopendekeka, dzanja limodzi m'chiuno, linalo likuloza kutsogolo ndi chala. Mng'alu waukulu unadutsa pachifuwa penipeni.

Anaweramuka. "Ameneyu ndani?"

"Ndinu."

"Ine?"

"Mmene munkaimira mukamawakalipira. Ankakuyang'anani ali pachitsa pano, waya ali m'manja. Inu munkayesa akungoseweretsa zala." Kezia anapukuta mphuno ndi mkono. "Ankati adzakupatsani pa Khirisimasi kuti museke, koma Khirisimasi inawapeza m'chipatala. Ndiye ine ndimati mukakhale nawo kumandako, asamasowe wowakalipira."

A Nambewe anazindikira kuti dzanja lawo lili m'chiuno. Analitsitsa pang'onopang'ono.

Mzimayi ameneyu, pamaliro a mwamuna wake, analira monga amalirira aliyense, kenako anadzuka n'kukalongosola za nkhuni ndi ufa wa alendo. Koma apa anakhala pansi paphulusa osasamala chitenje, misozi ikungotsika popanda mawu. Mbuzi inabwera n'kununkhiza njerwa zakugwa zija. Palibe anaithamangitsa.

Patapita nthawi anafunsa, maso ali pagalasi. "Lingakonzeke?"

"Lingagwirane tikaliotchanso. Koma chipsera sichichoka. Chikombole nachonso chang'aluka pokoka paja, ndipo chatsopano chimafuna sabata yathunthu kuti chiume. Nkhuni zatha. Zijazi ndinatola milungu itatu."

"Ndiye kuti Loweruka lidutsa."

"Lidutsa."

A Nambewe anadzuka. Anathyola bango, n'kuyeza m'litali ndi m'lifupi mwa galasi losweka lija, n'kuuyamba wa kumanda. M'mphepete mwa mandawo anapeza a Festus, mmisiri uja, akuthira madzi pasimenti.

"Galasi lija lili kuti, amayi? Nthawi yatha."

"Kulibe. Dulani thabwa lofanana ndi bangoli, mulidinde pasimenti kumutuko, pasale malo. Mukabwera ku Madisi mudzamatire galasilo."

"Kubweranso? Imeneyo ndi ntchito ina. Pamenepo ndiye kamwana ka mbuzi."

"Mbuzi, chifukwa cha simenti yodzaza chikhatho? Nkhuku."

"Ziwiri."

"Imodzi, ndipo ndisankha ndine. Mukakana ndidzamata ndekha mokhotakhota, anthu azidzati ndi ntchito ya a Festus."

A Festus anaseka, anapukusa mutu, n'kutenga sowo.

Loweruka anthu anasonkhana. Amvano anaimba, mkulu wa mpingo anapemphera. Nsalu itachotsedwa, kumutu kwa chiliza kunali dzenje la makona anayi, lopanda kanthu. Manong'onong'o anayamba. Mlongo wake wa malemu, a Ester, analankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Ndinanena ine. Ntchito ya akuluakulu kupatsa mwana wa sukulu. Taonani manyazi ake."

Kezia anaweramitsa mutu, n'kubisa m'khwapa manja a matuza aja.

"Alamu, mwanayo musiyeni," anatero a Nambewe osadzuka pomwe anakhala. "Iye anaotcha bwino ngati bambo ake. Ndinaswa ndine. Anandiletsa, ine ndinatsegula ndi khasu langa. Amene ali ndi mawu abwere nawo kwa ine."

Palibe anabwera nawo.

Chikombole chatsopano chitauma, nkhuni zonse za kukhitchini, zimene a Nambewe sankalola munthu kusololapo ngakhale imodzi, zinasamukira kung'anjo. Anasenza okha. Kezia anayala zidutswa zitatu zija mogundizana, n'kuwaza m'ming'alu timagalasi ta buluu totsalira pansi pa chitini. Mayi ake anakhala pambali akupatsira nkhuni.

"Ndiike yaikuluyi?"

"Ayi, ikadali nthawi. Mukafulumiza moto limaswekanso."

A Nambewe anabweza chikunicho.

M'mawa mwake Kezia anayenera kupita kusukulu, poti mayeso anali atayandikira. Anazungulirazungulira pang'anjo yomatayo, chikwama chili kumsana.

"Pita, uchedwa. Ndilipo ine."

Pobwera masana anawapeza ali pachitsa, akutong'ola chimanga m'lichero, ndodo yothamangitsira mbuzi ili pambali. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Kudimba sanapondeko. Mpiru unafota, koma sanautchule.

Madzulo a tsiku lachiwirilo a Festus anatulukira, chikwama cha zipangizo chili paphewa. Anagwira khoma la ng'anjo ndi chikhatho.

"Aka n'kofunda chabe, amayi. Tatsegulani, ndikamate kusanade. Mawa ndili ndi ulendo."

A Nambewe sanadzuke. Anangotenga ndodo ija n'kuipingasa pakhomo la ng'anjo.

"Khalani pansi, a Festus. Mwana satuluka chikuta chifukwa choti mlendo wafulumira."

Kezia anatembenukira kuphiri kuti mayi ake asaone nkhope yake. A Festus anayang'ana mayi, anayang'ana mwana, n'kunena kuti abwera mawa.

Kutacha, Kezia anapisa dzanja pakabowo n'kumva phulusa lozizira. Anachotsa njerwa imodziimodzi ndi manja. Galasi linatuluka lathunthu. Analikweza kudzuwa. Mzimayi wa dengu uja analipo, dzanja m'chiuno, chala chikuloza. Koma pachifuwa pake panadutsa mzere wotuwa ngati ulusi, kuchokera pakona mpaka pakona.

"Chipsera chikuoneka, amayi."

A Nambewe anayendetsa chala pamzerewo, kuchokera uko mpaka uko.

"Chisiye chioneke. Bambo ako adziwe kuti ndinafikapo."

Anavula chitenje chapamwamba, anakulunga galasi lija kawiri, n'kulifungatira pachifuwa. Njira ya kumanda ndi yaifupi, ndipo pamudzipo aliyense ankadziwa kuti a Nambewe sayenda ndi munthu, amamusiya kumbuyo. Tsiku limenelo a Festus ndi Kezia anafika, anasakaniza simenti, anakhala pansi. Mayi anali akubwerabe, akuponda pang'onopang'ono, akutchinga mphepo ndi msana.