Wotsala Pakhoma la Kantina

Mafuta a nyale ankatsika m'botolo popanda woyatsa. Zeferina anayamba kuona zimenezi m'chisanu cha 1972, m'mudzi wa waya wa ku Malowera, momwe asilikali achipwitikizi anaunjikamo anthu a m'midzi yozungulira kuti asamadyetse anyamata a kutchire omenyana ndi boma. Lamulo la mmenemo linali losavuta kulisunga pamtima: dzuwa likalowa moto uzime, nyale isayake, chifukwa kuwala kulikonse kunkatengedwa ngati kuitana adani. Botololo tsono linkangokhala kuseri kwa mtsuko, lotseka bwinobwino ndi chitsononkho, koma akaliyang'ana padzuwa m'mawa ankapeza kuti laphwerako. Khoswe samwa parafini, ndipo iye sanali munthu woiwalaiwala. Posakhalitsa kagalasi kake kodziyang'anira nakonso kanasowa pamsomali.

Pakhomopo anali awiri okha, iye ndi apongozi ake a Teodoro, mkulu wosula zitini amene kumudzi kwawo kwenikweni ankapanga makoloboyi ndi zotungira madzi. Tinyumba tawo tinali togundizana, tonse toyang'ana kumbuyo kwa kantina yogulitsira mchere ndi sopo, chikhoma chachitali chopaka njereza. Mwamuna wa Zeferina, Luciano, anatengedwa ndi asilikali mvula isanagwe kuti akawanyamulire katundu panjira ya ku Chiputo, ndipo sanabwerenso. Ena ankati anaponda bomba lokwirira, ena ankalumbira kuti anamuona ku Zambia wanenepa. Zeferina anasankha kukhulupirira olumbirawo. Munthu akangoyerekeza kunena kuti "malemu," iye ankanyamula mtsuko wake n'kuchoka.

Mtengwa ndi apongozi aamuna sayang'anizana, salowerana m'nyumba, salankhulana pamaso. Waya unawapanikiza pamodzi koma mwambo sunasunthe, choncho anapeza mkhalapakati, mtondo wakale umene unkaima pakati pa makomo awo. "Mtondo iwe, uwauze amayi kuti nkhuni zatha," ankatero a Teodoro. "Mtondo, uwauze bambo kuti ndamva," ankayankha Zeferina atagwada, nkhope kumbali. Ndiye kuganizira munthu wotere kuti akukubera mafuta ndi chinthu chochititsa manyazi ngakhale mumtima, ndipo ganizolo likamabwera ankalipitikitsa.

Zonsezi zinayamba itabwera sinema. Asilikali anabwera nayo pagalimoto, akuti kudzasangalatsa anthu, ngati kuti munthu wochotsedwa pamunda pake amasowa chisangalalo basi. Anapachika nsalu yoyera pakhoma la kantina, injini inalira, ndipo usiku umodzi wokhawo kuwala sikunali mlandu. Poyamba anaonetsa madamu ndi misewu, anthu akuyasamula. Kenako panabwera nkhani ya munthu amene analowa m'chitsulo chachitali chonga nkhokwe, moto ukulavula kunsi kwake, n'kukwera mpaka kupyola mitambo. Kumeneko kunalibe pansi, kunalibe usana. Munthuyo anatuluka panja, mutu uli mumphika wagalasi, atamangidwa chingwe m'chiuno. Chingwecho chinaduka. Anayamba kutengeka pang'onopang'ono mumdima, akuzungulira ngati tsamba padziwe, kwinaku mkazi wake ali pansi pano, wakhala pambali pa wailesi, akumva mawu ake akucheperachepera.

Vicente, mlonda wa m'mudzimo amene ankanyamula mfuti ya boma, anadzisankha yekha kukhala womasulira, ngakhale chinenerocho sichinali Chipwitikizi n'komwe ndipo aliyense ankadziwa kuti akupeka. "Akuti kuno kukuzizira!" ankafuula. "Akuti usatseke chitseko, ndikubwera!" Anthu anaseka. Zeferina sanaseke. Mawu opekawo anamulowa mpaka m'mafupa, anangozindikira kuti waluma nsonga ya mpango ndipo misozi ikutsikira m'khosi.

Pamenepo pansalupo panaoneka kadontho kofiira, kanakula, kanadya munthu uja kuyambira kumiyendo, nsalu n'kutsala mbee. Makina anali atawotcha kanemayo. Asilikali anatukwana, anapinda nsalu yawo, m'mawa mwake galimoto inapita. Pachitsime akazi anakangana tsiku lonse. Virgínia, mnzake wa Zeferina wa pakamwa posatseka, anati ndi bodza la azungu, munthu sangakwere kumwamba asanafe. Wina anati mkaziyo ndi wopusa, akanangokwatiwanso. Zeferina anangofunsa kamodzi, motsitsa mawu, kuti kodi munthuyo anatsika? Anakumbukira kuti usiku uja anthu onse atabalalika, apongozi ake anatsala okha pansi, akuyang'ana khoma lopanda kanthu.

Usiku umene Zeferina anaona zachilendo koyamba kunalibe mwezi. Anadzidzimuka ndi kaphokoso kochepa, kwe, kwe, ngati chitsulo chikukhudza chinzake, kenako zii. Agalu sanauwe. Kutali, kumsasa wa asilikali, munthu anatsokomola. Zeferina anasuzumira pamng'alu wa chitseko. Pakhoma la kantina, pamalo enieni pamene panapachikidwa nsalu, panali kuwala kozungulira, kofiirira, konjenjemera m'mbali. Pamwamba pa kuwalako panali chithunzithunzi cha munthu wamutu wozungulira, manja otambasula, kachingwe koduka kakulendewera m'chiuno. Chinkazungulira pang'onopang'ono. Zeferina anayesa kunena pemphero. Asanameze malovu kawiri, khoma linabwerera bii.

Sanauze munthu, koma khoma si la munthu mmodzi. Usiku wotsatira ena anaona, ndipo m'mawa mudzi wonse unkanong'onezana. Ankati mzimu wa mzungu uja unatsalira m'njereza pamene kanema anapsa. Ankati ayi, ndi anyamata a kutchire ali ndi mankhwala atsopano. Mayi wina anasiya kugula mchere pakantinapo, ndipo alonda, amuna onyamula mfuti, anayamba kulambalala khomalo ngati pali njuchi.

"Wazindikira chinthu?" ananong'oneza Virgínia akusinja. "Chikutsika. Dzana chinali kudenga, dzulo chafika pakati."

Zeferina anali atazindikira kale. Ndipo chimene sakanauza ngakhale Virgínia n'chakuti mantha ake anali atasanduka china. Dzuwa likamapendeka ankalakalaka mdima. Ankagona pafupi ndi chitseko, diso pamng'alu, akudikira ngati mmene munthu amadikirira mlendo wake panjira. Usiku wina pansi pa kuwalako panaonekanso chithunzithunzi cha mkazi atakhala, mutu atakweza. Zeferina analira mwakachetechete mpaka tambala woyamba.

Vicente anafika masana, nkhope itagwa. Anaima pabwalo osakhala, n'kulankhula moyang'ana pansi.

"Kapitau wa asilikali wamva. Akuti kulibe mizimu, kuli anthu oitana adani. Mawa usiku tropa yonse ya kumsasa idzabisala kuseri kwa kantina. Chikadzangowala, amuna a mzere uno onse apita ku Fingoe. Prontu, basi, ine ndanena."

Opita ku Fingoe pamlandu wotere sankabwerako, ndipo mumzere wonsewo nyumba yoyandikira khoma inali ya a Teodoro. Mkuluyo anali pakhonde pake, akumva. Pamene a Teodoro ankatola ndodo yawo, Zeferina anaona zala zawo, zonse zili timabala tatsopano tochekeka.

Usiku umenewo sanadikire pamng'alu. Anatsegula chitseko pang'onopang'ono, n'kukwawa pansi, mame akumuzizira m'mawondo. Kwe, kwe. Kuwala kunatulukira pakhoma. Iye sanayang'ane khomalo, anayang'ana kumene kuwalako kunkachokera, ndipo anaona kaulusi kowala kakutuluka pakabowo m'chipupa cha apongozi ake. Anagwada pakhomo pawo nthawi yaitali. Kenako anachita chimene amayi ake akanamva akanadzigwira pakamwa: anakankha chitseko n'kulowa.

M'katimo munkanunkha parafini. Koloboyi anali m'chitini chachikulu chobowola mbali imodzi, kagalasi kake kaja kali kumbuyo kwa lawi. Pamphasa panali anthu odulidwa m'zitini za nsomba zimene asilikali ankataya, aliyense womata pakawaya. A Teodoro anali atagwada, munthu wamutu wozungulira ali m'manja. Sanadzidzimuke. Anaphimba bowo lija ndi chigamba, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiwire Zeferina, anamuyang'ana kumaso.

"Mwalowa, amayi."

"Ndalowa, bambo. Mundikhululukire. Koma mawa akutengani."

"Ndamva."

"Ndiye zimitsani. Tikwirire zonsezi usiku uno."

Mkuluyo anapukusa mutu. Mawu ake anali otsika kwambiri moti Zeferina anachita kusendera. "Anthu aja anamusiya m'mwamba n'kupinda nsalu yawo. Mwana wa munthu ameneyo. Ine ndikatseka maso ndimamuona akuzungulira, akuzungulira, palibe womugwira mwendo. Sindigona, amayi. Ndinati ndimutsitse ndekha, pang'onopang'ono, kuti asavulale. Kwatsala pang'ono."

Sanatchule dzina la Luciano, ndipo panalibe chifukwa cholitchulira. Zeferina anamva chisoni chachikulu, komanso manyazi, pozindikira kuti miyezi yonseyi ankayesa kuti akudikira yekha.

"Mutsitseni lero, muno m'nyumba," anatero.

"Anatsala pakhoma paja. Potsikira ndi pomwepo."

"Sanatsale pakhoma, bambo. Anali pansalu. Khoma linangobwereka."

A Teodoro analingalira mawuwo ngati mmene ankayezera chitini asanachidule. Kenako anagwedeza mutu. Zeferina anakwawira kwake n'kubwera ndi nsalu yoyera imene ankaisunga pansi pa sutukesi, anaipachika pamtanda wa denga, n'kutseka ming'alu yonse ya chitseko ndi bulangeti. Mkuluyo anatembenuzira chitini kunsaluyo. Anapatsa mtengwa wake kawaya ka mkazi wokhala pansi uja kuti agwire yekha.

Kunja kunali zii, koma mphepo inkaliza waya wa mpanda chapansipansi. Pansalupo munthu uja anatulukira, akuzungulira. Chithunzithunzicho chinatsika, chinaima, chinatsikanso. Zeferina anapezeka akunong'ona, "Bwera, bwera, chitseko sindinatseke." Miyendo ija inawongoka, inafunafuna pansi, ndipo pomaliza inaponda m'mphepete mwa nsalu, pafupi ndi mkazi uja.

A Teodoro anapuma mpweya wautali n'kuika kachitsulo kaja pamphasa. Kanalira kuti kwe. Manja awo onse awiri anali pamawondo, opanda kanthu.

Koma pansalu munthu uja anali chiimire.

Zeferina anayang'ana pamphasa, anayang'ana pansalu, anayang'ananso pamphasa. Kutsogolo kwa lawi kunalibe chinthu china koma kawaya kamene iye anagwira. Chithunzithunzicho chinakweza manja pang'onopang'ono, manja amene mkuluyo sanawadulire mfundo zopindikira, n'kugwira chozungulira chija kumutu. Sichinachivule ngati chipewa. Chinachitula, mmene amatulira wamtengatenga katundu amene wamulemera ulendo wonse, mawondo akupindika, msana ukuwerama. Pansi pake panali mutu wa munthu wamba, wa makutu otuluka pang'ono, ndi khosi limene Zeferina akanalizindikira pakati pa anthu chikwi. Chinakhala pansi pambali pa mkazi uja, chinatambasula miyendo, n'kuweramitsa mutu ngati munthu amene sadzanyamukanso.

Lawi linachepa lokha, linachita buluu, n'kuzima. Mumdimamo munamveka fungo la thukuta ndi fumbi la panjira, ndipo linakhalamo kanthawi lisanathe.

Zeferina sankamva mantha okha. Chinthu chimene anachigwira mwamphamvu chichokereni Luciano chinali chikumasuka m'chifuwa mwake, ndipo kumasukako kunkapweteka kuposa kugwira.

"Mwamuona?" ananong'oneza a Teodoro.

"Ndamuona, bambo."

"Wamoyo sabwera chonchi, amayi."

"Ndikudziwa."

Kusanache anakumba pansi pa mphasa n'kukwirira zitini zonse pamodzi ndi koloboyi. Usiku wotsatira asilikali anagona pamame kuseri kwa kantina mpaka mbandakucha, khoma lili bii, ndipo anabwerera kumsasa akutukwana Vicente. Palibe anatengedwa.

M'mawa umenewo Virgínia anabwera akuthamanga ndi nkhani yakuti mzimu waopa mfuti. Anapeza Zeferina atakhala pansi pakhomo, miyendo yotambasula, mpango atauvula n'kuuika pambali.

"Iwe, watani?"

"Pita ukaitane azakhali ake a Luciano," anatero Zeferina. "Uwauze abwere ndi lumo. Mwamuna wanga anamwalira."